Mwapanga patishoni pa terminal koma siikuoneka: vuto lili pati?

Pakati pa anzathu ogwiritsa ntchito Linux muno mu Harare pali dandaulo limodzi limene silitha. Munthu wagula disiki m'tauni, walumikiza, watsegula terminal, walemba malamulo a fdisk, pulogalamu yodulira disiki m'magawo, monga anamuuzira, koma pomaliza palibe chooneka. Mwina patishoni yatsopanoyo, gawo la disiki lotchedwa /dev/sdb1, kulibe. Mwina ilipo koma ikukana mount. Mwinanso dzulo zonse zinayenda bwinobwino, lero kompyuta ikukana kudzuka. Ambiri akafika apa amafufuta zonse n'kuyambiranso, zikakanikanso amati anawagulitsa disiki yakufa. Nthawi zambiri disikiyo imakhala ilibe mlandu.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti ntchitoyi ili ndi magawo anayi, ndipo gawo lililonse limafa palokha. Zili ngati puloti: kukhoma zikhomo za malire n'kwina, kukalembetsa mu kaundula n'kwina, kumanga nyumba n'kwina, kulambula njira yofika pakhomo n'kwinanso. fdisk kapena parted imangolemba malire mu tebulo la mapatishoni. Kenaka kernel, mtima wa Linux umene umalankhula ndi zipangizo, iyenera kuwerenga tebulo latsopanolo. Kenaka mkfs iyenera kuyala filesystem, dongosolo losungira mafayilo, m'kati mwa malirewo. Pomaliza mount ndiyo imakupatsani foda yolowera. Mukagwira njakata, musayambe n'kufufuta. Fufuzani kaye kuti mwa zinayizi yakanika ndi iti.

Disiki yake ndi iti?

Izi ndikuziika patsogolo chifukwa mavuto ena onse m'munsimu amakonzeka, koma kulemba pa disiki yolakwika kumaliritsa. Lembani:

`lsblk -o NAME,SIZE,MODEL,FSTYPE,MOUNTPOINT`

Yang'anani kukula ndi dzina la modelo, osangoyang'ana chilembo. Mayina a sda, sdb, sdc amaperekedwa potengera disiki imene kernel yayamba kuiona, choncho imene inali sdb m'mawa ikhoza kukhala sdc masana ngati wina walowetsa fulashi kompyuta isanayake. Ngati madisiki awiri ndi ofanana kukula, zulani yatsopanoyo, lembani lsblk, ibwezereni, lembaninso. Imene yangotulukira ndi yomweyo. Madisiki a NVMe ali ndi mayina awoawo: disiki ndi /dev/nvme0n1, patishoni yake yoyamba ndi /dev/nvme0n1p1. Chilembo p chapakaticho anthu amachiiwala kwambiri, kenaka amadabwa terminal ikuti chinthu chotero kulibe.

Ngati pa disikiyo pali kale zinthu, sungani tebulo lake musanalikhudze:

`sudo sfdisk -d /dev/sdb > tebulo-sdb.txt`

Kafayilo kameneka n'kakang'ono kwambiri, koma mukasokoneza malire mumabweza ndi `sudo sfdisk /dev/sdb < tebulo-sdb.txt`. Musakasunge pa disiki yomwe mukufuna kuidulayo.

Pa funso lakuti mugwiritse fdisk kapena parted, ine ndimati woyamba kumene agwire fdisk. Chilichonse chimene mwalemba mu fdisk chimakhala m'memore mpaka mutadina w, ndipo mukaona kuti mwasochera mumangodina q n'kutuluka popanda chosintha. parted ilibe chisoni chimenecho: lamulo lililonse imalilemba pa disiki nthawi yomweyo. Mu fdisk, p imaonetsa tebulo, F imaonetsa malo opanda patishoni, n imapanga yatsopano. Pa sector (kachigawo kakang'ono ka disiki) yoyamba ingodinani Enter, pa yomaliza mulembe kukula, monga +200G, kapena Enter ngati mukufuna malo onse otsala.

Nkhani ya magetsi tisaibise, poti tonse tikudziwa mmene zimakhalira kuno. Chaka cha 2019, madzi atachepa ku Kariba, madera ena ankakhala mumdima mpaka maola 18 patsiku, ndipo kuzimazima sikunatheretu. Kulemba tebulo kumatenga kamphindi chabe, apa palibe choopsa kwenikweni. Choopsa ndi kuchepetsa kapena kusuntha patishoni yakale kuti mupeze malo a yatsopano, chifukwa ntchito imeneyo imatenga nthawi ndipo ikadukira pakati mafayilo amaonongeka. Imeneyo muichite pa laputopu ya batire lamoyo kapena pa kompyuta ya pa inveta, mutakopera kaye zofunika kwina.

Mwadina w, koma /dev/sdb1 kulibe

Ili ndiye vuto lotchuka. Mwina munaona uthenga uwu ukudutsa koma simunauwerenge:

`Re-reading the partition table failed.: Device or resource busy`

Tanthauzo lake n'lakuti tebulo lalembedwa ndithu pa disiki, koma kernel ikugwiritsabe ntchito lakale chifukwa pali china chimene chagwira disikiyo. fdisk ya masiku ano imayesetsa kuuza kernel yokha, choncho uthengawu suoneka nthawi zonse, koma ukadalipo. Kuti mutsimikize, yerekezani zinthu ziwiri. `sudo fdisk -l /dev/sdb` imawerenga zimene zili pa disiki penipeni. `cat /proc/partitions` imaonetsa zimene kernel ikudziwa. Patishoni ikaoneka koyambako koma kwachiwiriko n'kusowa, ntchito yanu ili bwino, musaibwereze. Ingolembani `sudo partprobe /dev/sdb`, ikakana muyese `sudo partx -a /dev/sdb`. Lamulo la partprobe limabwera ndi pulogalamu ya parted, ndiye ngati terminal ikuti sikulidziwa, ikani parted kaye.

Zikakanabe, fufuzani wagwira disikiyo. Woyamba kumukayikira ndi desktop yanu yomwe: Ubuntu ndi Mint zimakonda kuchita mount zokha disiki ikangolowa, pansi pa /media kapena /run/media. Chitani umount, ndipo ikati ili bize, `sudo fuser -vm` pa fodayo ikuuzani pulogalamu imene yakhalapo. Kawirikawiri imakhala terminal ina imene munaisiya itaima m'foda yomweyo. Wachiwiri ndi swap, malo a pa disiki amene Linux imawagwiritsa ngati memore, onani ndi `swapon --show`.

Wachitatu ndiye amavutitsa kuno kwathu, chifukwa madisiki ambiri amene timagula ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochotsedwa m'maseva ndi m'mabokosi osungira mafayilo a m'maofesi. Amabwera ndi zizindikiro za RAID kapena LVM, njira zophatikizira madisiki, ndipo Linux ikaziona imadzutsa zinthuzo mwakachetechete. Mukaona md127 italendewera pansi pa disiki yanu mu lsblk, ndi zimenezo. Imitsani ndi `sudo mdadm --stop /dev/md127`. Ngati ndi LVM, `sudo vgs` ikupatsani dzina la gululo ndipo `sudo vgchange -an` ndi dzinalo imaligoneka. Kenaka `sudo wipefs /dev/sdb` imaonetsa zizindikiro zakale popanda kufufuta, pomwe `wipefs -a` imazifufuta, pamodzi ndi tebulo lomwe. Muchitenso chimodzimodzi pa patishoni iliyonse yakale musanafufute tebulo, apo ayi chizindikirocho chidzadzukanso mukadzapanga patishoni yoyambira pa sector yomweyo.

Ngati disiki yake ndi imene Linux ikuyendera, musalimbane nayo kwambiri. Zimitsani kompyuta n'kuyatsanso, kernel iwerenga tebulo latsopano.

Malo alipo koma fdisk ikukana, kapena disiki yaikulu yathera pa 2 TB

Mnyamata wina amene amathandiza amalume ake pa kashopu kosindikiza ndi kujambula mapepala ku Mbare anabwera ndi disiki ya 4 TB yosungira ntchito za makasitomala. Anali atapsa mtima kale.

"Achimwene, anandibera. Pabokosi alemba 4, koma yatuluka 2. Mawa ndikabweza."

"Musanapite, talembani fdisk -l tione."

Anawerama pa laputopu, n'kulemba ndi zala ziwiri, inki yakuda ili m'zikhadabo. Pa sikirini panatuluka kukula kwa 3.64 TiB, ndipo m'munsi mwake mzere wakuti `Disklabel type: dos`. Disiki inali yonse, koma tebulo linali la MBR, mtundu wakale umene fdisk imautcha dos.

Zimachitika chonchi. fdisk ikapeza disiki yopanda tebulo, imapanga yokha la mtundu wa DOS osakufunsani, imangolemba kamzere konena zimenezo pamwamba. MBR ndi ya mu 1983, nthawi ya PC DOS 2.0. Imawerenga ma sector ndi nambala ya mabiti 32, ndipo pa sector ya mabayiti 512 malire ake ndi 2 TiB. Malo opitirira pamenepo siwafikira. Ilinso ndi mipata inayi yokha ya mapatishoni a primary, chifukwa tebulo lonse ndi mabayiti 64, 16 pa mpata uliwonse. Ndiye chifukwa chake pa malaputopu ena akale a Windows 7, amene anachoka ku fakitale mipata yonse inayi itadzaza, mumachepetsa C: n'kupeza malo, koma fdisk ikukana kupanga patishoni yachisanu. Njira ya MBR ndi kusandutsa mpata umodzi kukhala extended n'kuika mapatishoni a logical m'kati mwake. Amenewa amayamba kuwerengedwa pa 5, choncho musadabwe kuona sdb5 pomwe sdb3 ndi sdb4 kulibe.

GPT, mtundu watsopano wa tebulo, ilibe mavuto awiriwa: imalola mapatishoni 128 mwachizolowezi, ndipo 2 TiB si malire kwa iyo. Pa disiki yopanda kanthu, dinani g mu fdisk kuti mupange GPT musanadine n, basi. Dziwani kuti g imataya tebulo lonse lakale mukadina w. Ngati pali mafayilo kale, gdisk imatha kusandutsa MBR kukhala GPT osaononga zili m'kati, bola pakhale kampata kakang'ono koyambirira ndi kumapeto kwa disiki. Koma ngati ndi disiki yoyatsira kompyuta, imani kaye. Windows imayaka pa GPT pokhapokha kompyuta ili pa UEFI, njira yatsopano yoyatsira, ndipo GRUB, pulogalamu yoyatsira Linux, pa kompyuta ya BIOS yakale imafuna kapatishoni kake kapadera pa GPT. A Windows 10 ali ndi lamulo lawolawo la mbr2gpt kuyambira mu 2017, agwiritse limenelo.

Za 3.64 m'malo mwa 4 zija, palibe wakuba. Opanga madisiki amawerenga ndi 1000, kompyuta imawerenga ndi 1024. Disiki ya 1 TB imaoneka ngati 931G mu lsblk.

Uthenga wina wa m'banja lomweli umabwera mukakopera disiki yaing'ono pa yaikulu ndi dd, kapena mukakulitsa disiki ya makina a virtual: `GPT PMBR size mismatch`, kapena wonena kuti tebulo la backup silili kumapeto kwa disiki. GPT imasunga kope lachiwiri la tebulo kumapeto kwenikweni, ndiye disiki ikakula kopelo limatsalira pakati ndipo malo atsopanowo saoneka. `sudo sgdisk -e /dev/sdb` imalisunthira kumapeto. parted nayo imakufunsani Fix kapena Ignore, muyankhe Fix.

Ogwiritsa parted amakumananso ndi chenjezo lakuti patishoni `is not properly aligned for best performance`. Musayambire pa 0, yambirani pa 1MiB kapena 0%, monga `mkpart zosunga ext4 1MiB 100%`. Madisiki ambiri atsopano ali ndi ma sector a mabayiti 4096 m'kati, ndipo patishoni yoyambira pa sector 2048 imagwirizana nawo. fdisk imachita izi yokha.

Patishoni ilipo, mount ikukana

`wrong fs type, bad option, bad superblock`

Mawu akuti bad superblock amaopsa, koma pa patishoni yatsopano amangotanthauza kuti simunafomate. Onani ndi `lsblk -f`: ngati pa FSTYPE palibe kanthu, ndi zimenezo. Apa parted imanamiza anthu ambiri. Mukalemba ext4 mu lamulo la mkpart, siyala ext4 ayi, imangolemba chizindikiro cha mtundu mu tebulo. Kufomata ndi lamulo lina:

`sudo mkfs.ext4 -L zosunga /dev/sdb1`

Werengani mzerewu kawiri musanadine Enter. /dev/sdb1 ndi patishoni, /dev/sdb ndi disiki yonse, ndipo mukasiya 1 uja muyala filesystem pamwamba pa tebulo limene mwangolemba kumene. mkfs ikakufunsani ngati mukufunadi kupitiriza pomwe simumayembekezera funso, yankhani n, muonenso dzina.

Funso linanso lofunika kulimvetsa limachokera kwa fdisk: `contains a ext4 signature. Do you want to remove the signature?` Ngati mukupanga patishoni yatsopano yoti mufomate, vomerani. Ngati munafufuta patishoni kuti muipangenso yokulirapo pa sector yoyambira yomweyo, mafayilo ali m'kati, kanani. Mukavomera pamenepo mwafufuta chizindikiro cha filesystem yanu yomwe.

Kusankha filesystem kumatengera kumene disiki izidzayenda. Yokhala mu Linux yokha, ext4. Yoyenda pakati pa kompyuta ya kushopu, laputopu ya mwana wa ku koleji ndi Mac ya kasitomala, exFAT, imene kernel ya Linux yakhala ikuidziwa kuyambira pa 5.4 mu 2019. FAT32 imawerengedwa ndi ma TV ndi mawayilesi a m'galimoto, koma siilandira fayilo yofika 4 GB, ndiye vidiyo ya ukwati idzakana pamene malo ali mbwee. Ngati disikiyo idzapita pa Windows, sinthaninso mtundu wa patishoni ndi t mu fdisk, 7 pa MBR kapena Microsoft basic data pa GPT, chifukwa Windows ikaona mtundu wa Linux nthawi zambiri siipatsa chilembo.

Mukafomata ext4 pa disiki yaikulu n'kuchita mount mudzaona kanyali kakuphethira kwa nthawi ndithu ngakhale simukukopera kanthu. Ndi ext4lazyinit ikumalizitsa ntchito kumbuyo, isiyeni. Ndipo lamulo la df likaonetsa kuti malo ena asowa, ext4 imasungira root, akaunti ya mkulu wa kompyuta, magawo 5 pa 100 alionse. Pa disiki yongosungira mafayilo ndi kuononga malo chabe, tsitsani ndi `sudo tune2fs -m 1 /dev/sdb1`.

Mount yatheka koma kukopera kukuti `Permission denied`? Filesystem yatsopano mwini wake ndi root. Lembani `sudo chown $USER: /mnt/zosunga` mutachita kale mount. Mukachita chown musanachite mount, mwasintha foda ya pansi, ndipo disiki ikakhalapo umwini umabwerera kwa root. Pa exFAT chown siigwira, mumaika uid=1000,gid=1000 mu lamulo la mount, ngati nambala yanu ndi 1000. `id` ikuuzani.

Dzulo zinali bwino, lero kompyuta yaima pa emergency mode

Apa mpamene anthu amachita mantha kwambiri, chifukwa si disiki yatsopano yokha imene yakana, ndi kompyuta yonse. Mayi wina wosunga mabuku a mpingo ku Mabvuku anaimba foni mawu akunjenjemera kuti zonse zapita. Mwana wa mlongo wake anawaikira disiki ya pa USB, n'kulemba /dev/sdb1 mu /etc/fstab kuti izidzitsegukira yokha. Loweruka wina anabwereka disikiyo kukakopera nyimbo za kwaya. Lolemba kompyuta inadikira disiki imene kulibe kwa masekondi 90, monga imachitira systemd, pulogalamu yodzutsa zinthu poyaka, kenaka inagwera pa sikirini yakuda yopempha pasiwedi ya root. Palibe fayilo imene inatayika.

Kukonza kwake: lowani, lembani `mount -o remount,rw /` ngati fayilo ikukana kusungika, tsegulani /etc/fstab ndi nano, ikani # kutsogolo kwa mzere wolakwawo, yatsaninso. Ikanena kuti akaunti ya root ndi yotseka, yatsirani pa fulashi ya Linux, chitani mount patishoni ya root, imene muli Linux yanuyo, n'kukonza fayiloyo kuchokera kumeneko.

Kuti zisabwerenso, mu fstab musalembemo sdb1. Tengani UUID, nambala yapadera ya filesystem, ndi `sudo blkid /dev/sdb1`, mzere wake ukhale motere:

`UUID=nambala-yanu  /mnt/zosunga  ext4  defaults,nofail  0  2`

Pa GPT, blkid imatulutsa nambala ziwiri zofanana maonekedwe, UUID ndi PARTUUID. Mukakopera ya PARTUUID n'kuiika pambuyo pa UUID=, disiki siitseguka, ndipo ngati mu mzerewo mulibe nofail mugweranso pa sikirini yakuda yomwe ija. Komanso mukafomatanso, UUID imasintha, ndiye amene amakonda kuyambiranso ntchito zikavuta amaiwala kuti mzere wa mu fstab ukuloza filesystem imene anaipha okha. Musanazimitse kompyuta, yesani: `sudo findmnt --verify`, kenaka `sudo systemctl daemon-reload`, umount fodayo, ndi `sudo mount -a`. Ikadandaula panopa, idzadandaulanso poyaka, koma panopa muli ndi terminal m'manja.

nofail imathandiza kuti kompyuta iyake ngakhale disiki palibe, koma ili ndi msampha wake umene ambiri sauona. Disiki ikasowa, foda ya /mnt/zosunga imakhalapobe, yopanda kanthu, pa disiki ya root. Pulogalamu ya backup kapena ya makamera siidziwa kusiyana, imangolemba momwemo mpaka root itadzaza, ndipo tsiku lina mudzalephera kulowa pa desktop osadziwa chifukwa. Mafayilo amenewo amabisikanso disiki ikabwerera, poti mount imawaphimba. Mankhwala ake ndi osavuta: disiki isanakhale pa mount, lembani `sudo chattr +i /mnt/zosunga`. Foda yopanda kanthuyo imakana kulembedwa, koma mount imathekabe pamwamba pake.

Amene muli pa Windows, ndondomeko ndi yomweyi mu diskpart: `list disk`, `select disk`, `create partition primary`, `format fs=ntfs quick`, `assign`. Patishoni ikapanda kuoneka mu Explorer, kawirikawiri mwaiwala assign. Lamulo la clean lokha muliope, limafufuta tebulo lonse ndipo silifunsa kawiri.

Pamene disiki ndiyodi yolakwa

Zimachitika, ndipo zizindikiro zake n'zosiyana ndi zonse zapamwambazi. mkfs imaima pakati, disiki imasowa mu lsblk n'kubweranso ndi chilembo china, kapena tebulo limene munalemba silipezekanso mukazula n'kubwezera. Tsegulani terminal yachiwiri, lembani `sudo dmesg -w`, mubwereze ntchitoyo mukuyang'ana. Mizere ya I/O error kapena ya USB reset ikayamba kutsika, yambani ndi zotchipa: sinthani chingwe, chokani pa doko la kutsogolo kwa kompyuta mupite la kumbuyo, chotsani hub. Disiki yaikulu ya mainchesi 3.5 imafuna 12V, siidzuka ndi mphamvu ya USB yokha, ndipo adaputa yake ikafooka imachita ngati disiki yakufa.

Zikapitirira, `sudo smartctl -a /dev/sdb` kuchokera mu smartmontools, kuonjezera `-d sat` ngati ili m'kabokosi ka USB. Onani Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector: nambala zake zikamakwera, disikiyo musaisungitse chilichonse chimene mungachilire. Power_On_Hours ikuuzani maola amene yagwira kale ntchito, kaya wogulitsa anati ndi yatsopano. Ngati fdisk ikuti disiki ndi read-only, onani RO mu lsblk. Pa memore khadi mwina ndi kabatani ka m'mbali, pa fulashi nthawi zambiri ndiye kuti yatha moyo ndipo yadzitseka yokha.

Fulashi yotchipa modabwitsa yolembedwa 1 TB ili ndi bodza lina: imalola patishoni, imalola kufomata, imaonetsa kukula konse, koma mukadutsa malo ake enieni mafayilo amaonongeka mwakachetechete. `sudo f3probe --destructive /dev/sdb`, kuchokera mu pulogalamu ya f3, imafufuta zili m'katimo n'kukuuzani kukula kwake kwenikweni. Muiyese tsiku lomwe mwaigula, lisiti likadali m'thumba.